Mukufuna kumaliza 10, 21 kapena 42? Mmene mungamangire kudzikhulupirira pothamanga kuno ku Mangochi

Anthu ambiri amene amayamba kuthamanga kuno amasiya miyendo idakali ndi mphamvu. Zimachitika cha mu sabata yachitatu kapena yachinayi, alamu yalira mamawa, kunja kuli mdima, mtima nkumati "iwe zimenezi ndi za a ku Kenya, gona", nde basi nsapato zija zabwerera kunsi kwa bedi mpaka chaka chamawa. Ndikulembera inuyo amene mumafuna mutamalizako makilomita 10, kapena 21, olo marathon yonse ya 42.195, koma mkatimu muli kamawu kokuuzani kuti simungathe.

Kudzikhulupirira kumamangidwa, ndipo chomangira chake ndi umboni. Katswiri wina wa za maganizo a munthu, Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford, analemba mu 1977 kuti munthu amakhulupirira kuti angathe chinthu kuchokera ku zinthu zinayi: zimene iye mwini anachitapo kale zikumutheka, kuona anthu ofanana naye akuchita, mawu amene amauzidwa, komanso mmene amamvera thupi lake zinthu zikafika povuta. Pa zinayizi champhamvu kwambiri ndi choyambacho. Ndiye zonse ndikuuzeni pansipa cholinga chake ndi choti tsiku limene mutu udzayambe kukana, mudzakhale ndi chouyankha chogwirika.

Choyamba, cholinga chikhale ndi tsiku

"Ndikufuna ndizithamanga" si cholinga chimenecho, mawa lake limangosunthasuntha. Nenani mtunda, nenani mwezi. Ngati simunathamangepo chichokereni ku sukulu, dzipatseni miyezi itatu kuti mufike pa makilomita 10, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti mufike pa 21, ndipo marathon muyisiye kaye chaka chithe. Ine sindigwirizana nazo zoyambira pa 42 chifukwa choti mnzanu waika chithunzi cha mendulo pa WhatsApp, thupi limafuna nthawi yake ndipo mafupa ndi mitsempha zimachedwa kuzolowera kusiyana ndi mapapo.

Mipikisano ilipo muno m'dziko, ku Lilongwe kumachitika Be More Race, ku Blantyre kumachitika marathon, ku Mulanje kuli Porters Race ya m'phiri ija. Sankhani umodzi, mufunse tsiku lake, muyambe kusunga ya thiransipoti ndi yolembetsera pang'onopang'ono. Ngati ndalama palibe musadandaule, panganani ndi anzanu awiri atatu tsiku loti mudzathamange mtunda wanuwo pa msewu wa ku Monkey Bay, wina adzakutsatireni pa njinga ndi madzi. Tsikulo mulilembe, muuzeko munthu mmodzi amene mumamuchitira manyazi kumunamiza.

Kenako onani thupi kaye, izi sizofuna kulongolola. Ngati muli ndi BP, shuga, vuto la mtima kapena mphumu, kapena zaka zapitako ndithu, kaonaneni ndi achipatala musanayambe. Komanso ife a kunyanja likodzo ndi malungo sizachilendo, ndipo zonsezi zimachepetsa magazi. Munthu wochepa magazi amachita befu msanga olo ayesetse bwanji, ndiye amayamba kudziona ngati waulesi pamene vuto ndi loti akanangokayezetsa nkulandira mankhwala.

Yambani mochepa kuposa mmene mtima ukufunira

Apa ndi pamene ambiri amadzipha okha chikhulupiriro. Tsiku loyamba munthu amatuluka ndi sipidi ngati akuthamangira basi, pa mphindi zisanu mtima uli m'khosi, waima, ndipo mutu walemba kale kuti "ndayesa zakanika". Inuyo musaupatse mutu umboni woipa ngati umenewo.

Masabata awiri oyamba chitani chonchi: thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, bwerezani mpaka zikwane mphindi 20, katatu pa sabata, tsiku limodzi lopuma pakati. Sabata yachitatu thamangani ziwiri muyende imodzi. Muzingowonjezera chomwecho mpaka mufike pothamanga mphindi 30 osaima, ambiri zimawatengera miyezi iwiri. Sipidi yake ikhale yoti mutha kucheza ndi mnzanu osadula mawu pakati, ngati simungathe kunena kuti "mwadzuka bwanji achimwene" bwinobwino ndiye kuti mwathamangitsa, chepetsani. Kuyenda pakati si manyazi, olo othamanga Comrades ya ku South Africa ija, pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, ya makilomita pafupifupi 90, ambiri amayenda m'zitunda nkumalizabe maola 12 asanakwane.

Muzimaliza trening'i mukumva kuti mukanatha kuwonjezera pang'ono. Kamphamvu kotsalako ndi kamene kamakudzutsani mkuja.

Nsapato za pa kaunjika zimakwana bola zikhale zofewa pansi, zosatha mbali imodzi, ndipo kutsogolo kukhale mpata wa chala chimodzi chifukwa phazi limatupa mukathamanga nthawi yaitali. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anawina marathon ya Olympic ku Rome mu 1960 opanda nsapato nkomwe, sindikuti muvule zanu, tala wa kuno amawotcha, koma kusowa nsapato zodula kusakhale chifukwa chodikirira. Mtunda muziyeza ndi apu ya pa foni ngati muli nayo, apo ayi bwalo la mpira lalikulu mukalizungulira katatu ndi pafupifupi kilomita imodzi.

Gulani kope, ili ndiye gawo lalikulu

Kope wamba la ana a sukulu, ndi bolopeni. Tsiku lililonse mukabwera, musanasambe nkomwe, lembani deti, mtunda kapena mphindi, njira imene munadzera, nyengo, ndi mzere umodzi wa mmene munamvera. Mwachitsanzo: "Lachiwiri, mphindi 25, kuwoloka buliji nkubwerera, mphepo ya mwera, miyendo yolemera koma sindinaime." Basi. Zisakhale zokometsera, tsiku loipa mulembe kuti linali loipa.

Chifukwa chake ndi ichi, mutu wa munthu wotopa umaiwala msanga. Mukafika pa kilomita ya 7 muli wefuwefu, mutu sukumbuka kuti miyezi iwiri yapitayo mphindi zitatu zinkakukanikani, umangoona kutopa kwa panopa nkumati simunapitepo patsogolo. Kope silinama. Mukalitsegula Lamlungu madzulo nkuona masamba atatu anayi odzadza ndi dzanja lanu lomwe, masiku amene munadzuka musakufuna, masiku amene kunali mphepo koma munapitabe, pamakhala chinachake chimene chimakhazikika mumtima chimene munthu wina sangakupatseni ndi mawu okoma. Eliud Kipchoge wa ku Kenya amadziwika kuti trening'i zake amazilemba m'kope kwa zaka zambiri. Munthu ameneyu mu 2017 ku Monza anayesa kuthamanga marathon pansi pa maola awiri, anamaliza pa 2:00:25, kuperewera masekondi 25 okha. Wina akanati ndalephera, iye anaona kuti zayandikira, anabwerera ku kampu yawo ku Kaptagat kwa kochi wake Patrick Sang, ndipo pa 12 October 2019 ku Vienna anathamanga 1:59:40. Nthawiyi siyinawerengedwe ngati rekodi ya dziko lonse chifukwa panali omuthandiza sipidi osinthanasinthana, komabe mtunda unali womwewo ndipo miyendo inali yake.

Kumbuyo kwa kope siyani tsamba limodzi lapadera. Pamenepo muzilemba masiku okhaokha amene munafuna kusiya koma munapitiriza. Tsamba limenelo mudzaliwerenga usiku woti mawa ndi mpikisano.

Powonjezera mtunda musadumphe. Ambiri amalangiza kuti sabata iliyonse muwonjezere zosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene munathamanga sabata yatha, ndipo sabata yachinayi iliyonse muchepetseko kuti thupi lipume. Pa masiku atatu kapena anayi anuwo, limodzi likhale la mtunda wautali, Loweruka kapena Lamlungu, wapang'onopang'ono kwambiri. Limeneli ndi limene limaphunzitsa mutu kupirira.

Nthawi ndi njira, poti kuno kumatentha

Mangochi si Dedza, tonse tikudziwa mmene October ndi November amachitira. Thamangani mbandakucha, anzathu achisilamu akamachokera ku swala ya m'mawa inu muzikhala mwayambapo kapena mukuyamba, dzuwa likamakwera mukhale mwabwerako. Madzulo ndi bwino pokhapokha dzuwa litapendeka ndithu, ngakhale tala amakhala akadali ndi moto. Miyezi ya June ndi July ndiyo yabwino kuyambira, kumazizirirako, kungoti mwera umakuwombani kumaso mukamalowera kummwera, nde ndi bwino kuyamba moyang'anana ndi mphepo kuti pobwerera mutatopa izikukankhani kumsana.

Dziwaninso kuti kukatentha sipidi imatsika kwa aliyense, olo akatswiri. Mukaona kuti mtunda umene munkathamanga mphindi 30 mu July ukukutengerani 34 mu October musadziweruze, lembani m'kope kuti kunatentha. Thupi limazolowera kutentha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mukadzapita kothamanga kozizira mudzaona phindu lake.

Pa msewu muzithamanga mbali ya kumanja kuti magalimoto ndi akabaza muziwaona akubwera kutsogolo kwanu, valani chowala, ndipo zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni kapena muike khutu limodzi. M'mbali mwa Shire ndi m'mabango mdima usanachoke musayerekeze, mvuu zimakhala zikubwerera kumadzi nthawi imeneyo ndipo ng'ona ziliko. Mchenga wa kunyanja umalimbitsa miyendo koma umatopetsa akatumba, kamodzi pa sabata kwa mphindi zochepa ndi zokwanira.

Chinthu china chimene ambiri amachiiwala, kuno pa boma ndi pathyathyathya ndipo tili m'munsi, osafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre ali cha pa 1,000, Blantyre ndiye ndi zitunda zokhazokha. Munthu wozolowera msewu wa ku Makawa yekha akakumana ndi chitunda choyamba pa mpikisano mtima umagwa. Ndiye mukafika pothamanga makilomita 8 bwinobwino, kamodzi pa masabata awiri wolokani buliji ya Bakili Muluzi mulowere msewu wa ku Namwera, mukayambe kukwera cha ku Chowe. Simukuyenera kukafika pamwamba ayi, kwerani mphindi ziwiri, tsikani poyenda, bwerezani kanayi kapena kasanu. Tsiku la mpikisano mukadzaona chitunda mudzati ichi ndachionapo.

Anthu: onyoza ndi othamanga nawo

Mudzanenedwa, izi ndikuuziranitu. Wina pa sitolo adzakuwa kuti "akuthamangitsani ndani?", wina adzati mwakhuta, ana adzakutsatirani akuseka. Amayi ndi atsikana ndiye zimawavuta kwambiri chifukwa pamabwera ndi nkhani ya kavalidwe, ndipo zimandiwawa kuona achemwali amene anayamba bwinobwino akusiya chifukwa cha pakamwa pa anthu. Valani chimene inu muli nacho omasuka, buluku lalitali ndi malaya otaya, mpango kumutu ngati mumavala, bola nsalu ikhale yopepuka, ndipo muzipita awiri kapena atatu. Onyoza musawayankhe, perekani moni nkumapita. Pakatha mwezi amatopa, ena omwewo amayamba kufunsa kuti mawa munyamuka nthawi yanji.

Pezani mnzanu mmodzi wa sipidi yofanana ndi yanu. Wothamanga kwambiri kuposa inu amakufooketsani osadziwa, inu kumbuyo befu iye akucheza. Mnzanu wofanana naye akamaliza makilomita 10 mtima umati ngati uyu watha inenso nditha, ndipo zimenezi ndi zenizeni. Kwa zaka zambiri palibe amene ankathamanga mailo imodzi pansi pa mphindi zinayi, Roger Bannister atazichita ku Oxford pa 6 May 1954 ndi 3:59.4, panangodutsa masiku 46 John Landy wa ku Australia nkuthamanga mofulumira kuposa pamenepo. Ndipo tisamangoyang'ana kunja, Catherine Chikwakwa, Mmalawi mnzathu, anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Italy mu 2004, anapitanso ku Olympic. Anakulira pa nsima yomweyi.

Za zolinga zanu musamangouza wina aliyense. Pali anthu ena ukawauza kuti ndikufuna kuthamanga 21 amaseka kaye asanayankhe, amenewo adzamve mukamaliza.

Konzekerani kamawu ka m'mutu kasanabwere

Pa mtunda wautali uliwonse pamafika nthawi imene mutu umayamba kulankhula. "Ima." "Watsala kutali." "Anzako ali mtulo iwe ukuzunzikiranji." Kamawu kameneka kamabwera kwa aliyense ndipo kamabwera msanga thupi lisanathe mphamvu. Tim Noakes, dokotala wa zamasewero wa ku Cape Town, wakhala akunena kuti ubongo umachepetsa dala mphamvu zopita ku minofu kuti uteteze thupi, kutanthauza kuti kutopa kumene mukumva si nthawi zonse pamene mphamvu zathera. Akatswiri ena amatsutsana naye pa zina, koma umboni wake mumauona nokha: munthu amene amati sangathenso, akangoona mzere womalizira amathamanga mwamphamvu mamita 200 omaliza, mphamvuzo zinali kuti? Kafukufuku wina wa gulu la Samuele Marcora wa mu 2014 anapeza kuti anthu amene anaphunzitsidwa kudzilankhula mawu olimbikitsa anapalasa njinga nthawi yotalikirapo ndi 18 peresenti asanagonje.

Ndiye chitani izi. Muli kunyumba, mutakhala pansi, sankhani mawu awiri kapena atatu afupiafupi, oti ndi oona. "Ndine ngwazi ya dziko" sagwira ntchito chifukwa mutu ukudziwa kuti ndi bodza. Koma "izi ndinazimvapo ndipo ndinadutsa", "phazi limodzi kenako linalo", "pumira pansi, masula mapewa", amenewa amagwira. Ena zimawayendera akamadzitchula dzina ngati akulimbikitsa mng'ono wawo, "tiye iwe, watsala pang'ono". Opemphera ambiri amabwereza vesi kapena zikiri motsatana ndi mapazi, zimathandizanso kuti kapumidwe kakhazikike. Mawuwa muziwayeserera pa trening'i, asadzakhale achilendo tsiku la mpikisano.

Chachiwiri, dulani msewu. Mutu sungasenze makilomita 15 nthawi imodzi, umangofooka. Upatseni ntchito yaing'ono: tikafike pa mlambe uwo. Mwafika, chabwino, tsopano pa mjigo paja. Kenako pa mzikiti, kenako pamene amayanika usipa. Mukamaliza kagawo kalikonse muzidziuza kuti kamenako katha. Zili ngati kulima munda waukulu, maso amakhala pa mzere umene khasu lili, ukamangoyang'ana kumapeto kwa munda umaweruka dzuwa lisanakwere.

Chachitatu, pamene zavuta kwambiri dzipatseni pangano la mphindi zisanu. Nenani kuti ndichepetsa sipidi, ndipitiriza mphindi zisanu, zikakhala chimodzimodzi ndiyenda. Nthawi zambiri mphindi zisanuzo zikamatha chimtambo chija chimakhala chadutsa, chifukwa kutopa pa mtunda wautali kumabwera nkumapita, sikumangokwera kokhakokha. Yang'ananinso nkhope ndi manja, munthu akatopa amakwinya nkhope nkufumbata zibakera, masulani, gwedezani manja, olo kumwetulira kumene, Kipchoge amaoneka akumwetulira pamene zafika powawa.

Kudzikhulupirira ndi liuma ndi zosiyana

Apa ndikupemphani mumvetsetse chifukwa kuno kutentha kumapha. Pali kutopa koyenera kukupirira: miyendo kulemera, kupuma mwamphamvu, kubaya kwa m'nthiti kumene kumatha mukachepetsa sipidi, ulesi, kuboweka. Ndipo pali zizindikiro zoti muime pompo osakambirana ndi mtima: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kuona zinthu ziwiriziwiri, kusokonezeka mutu, kusanza, kumva kuzizira ndi tsembwe pamene kunja kukutentha, kapena ululu wobaya pamalo amodzi pa bondo, msongolo kapena phazi umene ukukuchititsani kutsimphina. Zikatero khalani pamthunzi, dzithireni madzi, imwani pang'onopang'ono, ndipo ngati sizikusintha akutengereni kuchipatala msanga.

Anthu amakonda nkhani ya John Stephen Akhwari wa ku Tanzania, amene ku Mexico City mu 1968 anagwa nkuvulala bondo koma anamalizabe marathon, kulowa m'bwalo patadutsa ola loposa limodzi chiwinireni Mamo Wolde wa ku Ethiopia, nkunena kuti dziko lake silinamutume kudzayamba mpikisano koma kudzamaliza. Ndi nkhani yogwira mtima zedi ndipo inenso imandilimbikitsa. Koma iye anali pa Olympic, mwayi wa kamodzi pa moyo. Inu pa trening'i ya Loweruka kupitiriza ndi bondo lovulala kungokutayitsani miyezi itatu. Munthu wodzikhulupirira saopa kuima lero chifukwa akudziwa kuti abweranso.

Madzi muzimwa tsiku lonse, osati kungodikira nthawi yothamanga, mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa. Mukamapitirira ola limodzi nyamulani botolo kapena konzani poti mukamwe, ndipo poti thukuta la kuno limatulutsa mchere wambiri, Thanzi ORS kapena madzi othira kamchere ndi shuga pang'ono amathandiza. Osadzikakamizanso kumwa mopyola muyezo, nazonso ndi zoopsa, imwani molingana ndi ludzu. Chakudya ndi chathu chomwechi, nsima, mpunga, mbatata, chinangwa, nyemba, usipa, masamba, nthochi musananyamuke, thobwa kapena phala mukabwerako.

Pulani ikasokonekera

Idzasokonekera ndithu. Kudzagwa maliro, mudzadwala malungo, ntchito idzakutumani kutali, mvula ya January idzagwa sabata yonse. Sabata imodzi yodumpha siyichotsa mphamvu zimene mwamanga miyezi iwiri, chimene chimawononga ndi maganizo oti poti ndadumpha basi zonse zapita. Mukabwerera musalipire ngongole pothamanga kawiri, bwererani mmbuyo sabata imodzi kapena ziwiri pa kope lanu nkuyambira pamenepo. Mukachira malungo dikirani mumalize mankhwala ndipo mphamvu zibwerere, muyambe ndi kuyenda.

Mwezi wa Ramadan osala asadzikakamize mitunda italiitali masana opanda madzi. Chepetsani, muzithamanga pang'ono mukamasula madzulo, cholinga mwezi umenewo ndi kungosunga chizolowezi, zowonjezera mudzayambe Eid ikadutsa. Posankha tsiku la mpikisano muziwerengeratu zimenezi.

Masabata awiri omaliza ndi tsiku lenilenilo

Ngati mukukonzekera 10, mukhale mutathamangapo 8 kangapo. Wa 21 akhale atafikapo 16 mpaka 18, wa marathon 30 kapena 32 kawiri katatu. Simukuyenera kuthamanga mtunda wonse pa trening'i, kotsalako kumabwera ndi kupuma komanso chigulu cha anthu. Masabata awiri omaliza chepetsani mtunda kufika theka, gonani mokwanira. Nthawi imeneyi mantha amabwera kwambiri, mumayamba kumva timaululu paliponse nkumaganiza kuti simunakonzeke, ndipo mtima umafuna kukathamanga mtunda wautali kuti mudzitsimikizire. Musatero. Tsegulani kope, werengani kuyambira tsamba loyamba, kenako tsamba lakumbuyo lija.

Konzani zolinga zitatu: chachikulu ngati zonse zayenda, mwina nthawi inayake, chapakati, ndi chomaliza chongofika pa mzere muli bwinobwino. Zikatero chimodzi chikavuta pakati pa njira simugwa mphwayi, mumangosamukira pa chinacho. Ganiziraninso pasadakhale zovuta zimene zingabwere ndi chimene mudzachite, chitunda chikabwera ndifupikitsa mapazi, m'mimba mukavuta ndiyenda pang'ono, anthu akandipitirira ndiwasiya apite.

Mamawa wa tsikulo mtima udzagunda, m'mimba mudzachita ngati mukutembenuka, mudzapita kuchimbudzi kawiri katatu. Limenelo ndi thupi likukonzeka, akatswiri omwe zimawachitikira. Idyani chimene munazolowera maola awiri kapena atatu musanayambe, nsapato ndi masokosi zikhale zakale zomwe zija, pakani Vaseline m'ntchafu ndi m'khwapa. Akangoti yambani gulu lonse limanyamuka ngati lapenga, inu agwireni mtima makilomita atatu oyamba, muthamange mochedwerapo kuposa mmene mukufunira, ambiri okupitiriraniwo mudzawapeza kutsogolo akuyenda.

A marathon dziwani kuti cha pa kilomita 30 mpaka 35 shuga wosungidwa m'minofu amakhala watsala pang'ono kutha, miyendo imauma ndipo mutu umada, othamanga amati wagunda khoma. Muyambe kudya tizinthu msanga, kanthochi, maswiti kapena chakumwa cha shuga mphindi 40 zilizonse, zimene munaziyeserera kale pa trening'i. Likafika khomalo ndi pamene mawu anu aja, kudula msewu kuja ndi pangano la mphindi zisanu zimagwira ntchito yake.

Mukamaliza musakhale pansi nthawi yomweyo, yendaniyendani mphindi khumi, imwani, idyani, vulani nsapato muone matuza. Pumulani masiku atatu kapena anayi mukathamanga 10, sabata kapena kuposa mukathamanga 21, marathon ndiye masabata awiri atatu musanayambenso zolimba. Ndipo ngati simunafike pa mzere, tsiku lomwelo musanagone lembani m'kope kilomita imene munaimira, nthawi yake, chimene munadya, mmene kunatenthera ndi chimene chinayamba kuvuta, kaya ndi miyendo, m'mimba kapena sipidi ya poyambira, kuti pulani yotsatira idzayambire pa chinthu chimenecho.